Kalavati wa a Tepi

M'nyumba ya a Tepi munali soketi imodzi yokha yogwira bwino, ya pabalaza pafupi ndi zenera, ndipo m'mawa uliwonse inkafunidwa ndi anthu awiri. Mayi a m'nyumbamo ankafuna kusita yunifolomu ya mwana wawo, mzime, namwino wa pa kachipatala ka kutsidya kwa chigwa. Mtsikanayu anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwamuna wake ankagwira ntchito kutali, choncho anabwerera kwa makolo kuti adikirire nthawi yake pafupi ndi amake. Pa soketi yomweyo panafunikanso kutchajidwa tabuleti ya kuntchito kwa a Tepi. Koma nkhondo imeneyi a Tepi sankaimenya. Ankazula okha chaja.

"Sitani, mayi, sitani. Kagalasi aka sikamva njala."

"Nanga kakakuferani kumsewu mukalemba ndi chiyani?"

"Ndi dzanja lomwe ndalembera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi."

"Ababa, mukuopa kagalasi inu," anatero mzime akulimbana ndi zingwe za nsapato. "Agogo ake a mwana uyu ndi amantha."

A Tepi anali woyendera misewu. Ntchito yawo inali kuona maenje, milatho, zikwangwani ndi makalavati, mapaipi akuluakulu aja odutsitsa madzi pansi pa msewu, n'kulemba pamene pali vuto kuti okonza apitepo. Msewu ulibe manambala a nyumba. Malo ake amatchulidwa ndi mtunda: msewu wakuti, makilomita akuti ndi mamita akuti kuchokera pomwe msewuwo unayambira, pamene anthu a ntchitoyi amati pa ziro. Kale ankawerengera pa miyala ya konkire yozikidwa m'mphepete, mwala umodzi pa kilomita iliyonse, n'kumalizira ndi tepi yoyezera. Tepi ya bambowa sinkachoka pa lamba, ndiye anzawo anangowapatsa dzinalo, mpaka dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso pokha.

Kenako kunabwera matabuleti. Palibe chovuta. Umaima pamene pali vuto, umadina batani, n'kudikira kuti kadontho ka buluu kosonyeza pomwe waima kasiye kunjenjemera. Kakakhazikika, makinawo amalemba okha mtunda wake pa mapu a ku ofesi. Pabwalo poyera kudikirako ndi theka la mphindi, m'chigwa mwina mphindi ziwiri. Madzi a tiyi amachedwa kuposa pamenepo. Koma opanga anasiyanso kabokosi kolembamo nambala pamanja, ka tsiku lomwe makina akanika. Kabokosi kameneko ndiko kanakhala khomo la a Tepi. M'misewu yambiri miyala ndi mapu zinkagwirizana, nambala zawo zinkatuluka zolondola, ndipo mutu unkaumirabe.

Ku ofesi kunali mayi wina wa ana atatu wosamala mapu pa kompyuta yaikulu, amene onse ankangomuti Mayi wa Mapu. Lachiwiri lina anawaimitsa pakhomo.

"A Tepi, nambala zanu zonse ndi zolemba pamanja. Batani lija linakulakwirani chiyani?"

"Batani lanulo limafuna ndiime padzuwa ngati chikwangwani. Ine ndili ndi miyala yanga."

"Za miyalazo ndi zomwe ndikufuna ndikuuzeni. Mawa mukupita ku msewu wa m'chigwa. Chimangireni msewu wolambalala tauni uja..."

"Mwanawe, miyala ina ya m'chigwamo ndinaizika ndi manja awa iwe ukuyamwa. Mwala suthera batire."

Amuna a mu ofesimo anaseka, monga amasekera wamkulu akanyoza wamng'ono, ndipo a Tepi anatuluka kusekako kusanathe. Akanangomulola mayiyo kumaliza mawu ake, akanamva izi: pomanga msewu wolambalala, ziro wa msewu wa m'chigwa anasunthidwa. Miyala inkawerengabe kuchokera pa mphambano yakale imene inagumulidwa, pamene mapu ankawerenga kuchokera pa mphambano yatsopano. Nambala imodzi inali kutchula malo awiri otalikirana pafupifupi makilomita awiri. Mayi wa Mapu anati awagwira m'mawa. M'mawa mwake mwana wake anadzuka thupi likutentha, anakhala naye kuchipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo nambala za a Tepi zinalowa m'mapu popanda wozifunsa.

Tisawanamizire, ntchito ankaidziwa. M'chigwamo muli makalavati khumi ndi mmodzi, ofanana ngati ana a mimba imodzi, ndipo ena akadangosuzumira ali m'galimoto. A Tepi anatsika pa lililonse. Pa kalavati wina, pafupi ndi mtengo wa magetsi wopendekeka, anakwawira m'paipi ndi tochi. Pakati penipeni mapaipi awiri anali atalekana, ndipo pa mpatapo dothi linkayoyoka kuchokera m'mwamba. Analowetsa tepi. Inapita mita imodzi, inapita iwiri, osagunda kanthu. Pansi pa msewupo panali phanga, ndipo phula la pamwamba linali chikhokho chabe. Lole inadutsa iwo ali momwemo, paipi yonse inanthunthumira, dothi linawagwera m'khosi. Anatuluka chafutambuyo thukuta lili kamukamu.

Tabuleti inali pa mpando, batire ikulira. Sanaiyang'ane n'komwe. Anabwerera ku mwala wolembedwa 14, nakoka tepi yawo kakhumi ndi kangapo mpaka pakamwa pa kalavatiyo. Mphindi makumi awiri padzuwa, munthu amene anakana kuima mphindi ziwiri. Anapeza mamita 320, osaphonya ndi phazi limodzi. Atabwerera ku ofesi anatchaja tabuleti, natsegula kabokosi kaja, nalemba: 14.320, ngozi yaikulu, konzani msanga.

Okonza sanachedwe. Anatsata tabuleti yawo mpaka pa 14.320 ya mapu, ndipo pafupi pomwepo anapezadi kalavati, wokhala ndi mng'alu pa khoma la kukamwa ndi zinyalala m'kati. Akanakhala kuti anatumidwa ku dzenje la pamsewu akanaona ndi maso kuti aphonya, koma kalavati ali pansi, ndipo aliyense ali ndi kachilema kake. Kapitawo anati achikulire aja ayamba kukokomeza. Anamata simenti, anachotsa zinyalala, anajambula chithunzi, ndipo kadontho kofiira ka pa mapu kanasanduka kobiriwira. A Tepi atamva kuti ntchito yatsekedwa anafika kunyumba phewa lili m'mwamba.

"Mayi, mwana wanu adzidutsa m'chigwa muja mtima uli m'malo. Abambo ake akonzetsa."

"Mwakaonako?"

"Ndikaonenso chiyani? Nambala ndinalemba ndekha."

Panapita milungu isanu. Mvula inayamba, ndipo inagwa masiku atatu osapumira. Tsiku lachitatulo panalibe wopita kumsewu. Oyendera onse anali mu ofesi, nsapato zonyowa zili pansi pa matebulo, ndipo Mayi wa Mapu ankaonetsa pa sikirini yaikulu ntchito zomwe zatsekedwa mwezi umenewo. Nthawi inali itangodutsa hafu pasiti 3 masana pamene chithunzi cha 14.320 chinatuluka: khoma lomatidwa kumene, ndipo kumbuyo kwake kanyumba kodikiriramo basi.

"Bwererani pamenepo," anatero a Tepi. "Chithunzi icho mwasokoneza."

"Ndi cha ntchito yanu, a Tepi. 14.320."

"Pa kalavati wanga palibe kanyumba. Pali mtengo wa magetsi wopendekeka."

Mayi wa Mapu anasiya mbewa ya kompyuta, natembenuka ndi mpando womwe.

"Nambala imeneyi munadina, kapena munawerenga pamwala?"

A Tepi anayang'ananso chithunzi chija. Mvula inkangogunda padenga.

"Pamwala," anatero a Tepi, mawu atachepa.

"Mayo ine. Ziro wa msewu umenewu anasuntha, bambo. Ndi zomwe ndinkakuuzani pakhomo paja. Okonza anakonza kalavati wina. Wanuyo munapezamo chiyani?"

"Phanga. Mamita awiri osagunda kanthu."

"Nthawi ya chilimwe imeneyo?"

Aliyense m'chipindamo ankadziwa zomwe madzi a masiku atatu amachita ndi phanga la pansi pa msewu. A Tepi anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mzime ankaweruka 4 koloko. Minibasi yake inkatsika m'chigwamo hafu pasiti 4 isanakwane.

"Ingowonjezerani makilomita awiriwo, mutumize anthu," anatero a Tepi.

"Sizingowonjezereka. Msewuwo anauwongolanso pa makona awiri, kusiyana kwake si kumodzi. Ndikaganizira ndiwatumizanso pa kalavati wolakwika. Gulu la ngozi lili kuseri kwa tauni likudula mtengo womwe wagwera msewu, apolisi andifunsa kuti ndi pati, ndipo munthu wodziwa malowo padziko lonse lapansi ndinu nokha. Tengani tabuleti yanga, ndi yodzaza. Mukafika dinani batani, mudikire. Mudikire, a Tepi."

Akuthamangira ku galimoto anaimba foni ya mzime. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anaimbira mayi a kunyumba, nayamba kufotokoza za ziro ndi miyala, mawu akugundana m'kamwa.

"Musandiuze za miyala," anatero mayiwo. "Mwana wanga ali pangozi kapena ayi?"

"Ali pangozi."

"Ndiye mukuyankhula ndi ine chifukwa chiyani? Pitani. Ine ndiimba kuchipatala kwake kuti asakwere."

Asanatuluke m'tauni foni inalira. Anali mayi omwewo, ndipo mawu awo anali ouma ngati a munthu wina.

"Anamuwerutsa msanga chifukwa cha mvula. Wakwera kale. Foni akuti waiiwala m'thumba la yunifolomu ina."

A Tepi anayendetsa galimoto ya ntchito ngati wakuba. Zopukuta galasi zinkalephera madzi. Magalimoto ochokera kutsidya ankakumana nawo limodzilimodzi, ndipo lililonse linkawauza kuti msewu udakalipo, komanso kuti chikhokho chija chapondedwanso. Minibasi iliyonse ankaisuzumira kufuna diresi loyera pampando wakutsogolo, poti kondakitala ankamusungira mzime malo amenewo chifukwa cha mimba. Munalibe. Anapemphera pemphero lopanda mutu, mawu awiri okhaokha, osati iye, osati iye. Anadutsa kanyumba kodikiriramo basi kaja ndi khoma lija lomatidwa kumene.

Mwala wa 14 unali pomwe anausiya. Patsogolo pake mtengo wopendekeka uja unali utapendekeka kwambiri. Anaimika galimoto chopingasa msewu kuti ochokera kutauni asadutse, nayatsa magetsi ochenjeza, navala jekete lachikasu, natsika.

Pamwamba pa kalavatiyo msewu unali utaloweka ngati beseni lalikulu. Madzi ankasonkhana m'menemo, n'kumazungulira, n'kumalowa mu mng'alu wa phula ngati m'sinki. Pansi pankamveka mkokomo, osati wa mtsinje wodutsa m'paipi, koma wa madzi okumba. A Tepi anaima m'mphepete mwa beseni lija, anabisa tabuleti m'jekete, nadina batani.

Kadontho ka buluu kananjenjemera. Kanalumphira kuthengo, kanabwerera, kanapitirira kutsogolo. Mitambo inali yokhuthala, mapiri mbali zonse. Pansi pa mapazi awo nthaka inkanthunthumira pang'onopang'ono ngati chifuwa cha munthu wodwala. Chala chawo chinapita chokha pa kabokosi kolemba pamanja, koma akanalembamo chiyani? Nambala yokhayo yomwe ankaidziwa ndi imene inabweretsa zonsezi. Anadikira. Njinga yamoto inatulukira kutsidya, anaikuwira, mwini wake anangoweramitsa mutu n'kudutsa m'mphepete mwa beseni, ndipo mng'alu unatalika ndi dzanja lathunthu iwo akuona. Anadikirabe. Kadontho kanachepa, kanachepa, kanaima. 16.140. Anatumiza ku ofesi.

Atakweza maso anaona magetsi awiri pamwamba pa chitunda cha kutsidya, akutsika. Minibasi.

Msewu wa kutsidyako umatsika n'kukhota, ndipo kona yake ili mamita makumi asanu ndi limodzi okha kuchokera pa kalavati. A Tepi ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Dalaivala wotsika ndi anthu odzaza, pa phula lonyowa, akamadzaona galimoto yopingasa ndi munthu wokupiza manja kutsidya lino, akhala atafika kale pa beseni. Kuti aimitsidwe, wina anayenera kukaima pa kona. M'mbali zonse za msewu munali madzi othamanga ofika m'chiuno. Njira inali imodzi, pamwamba pa phanga.

Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu sathamanga bwino. Anaponda koyamba, phula linafewa ngati matiresi. Kachiwiri, kachitatu. Anakweza manja onse akukuwa. Minibasi inatulukira pa kona. Pa sitepe yachisanu ndi chimodzi msewu unatseguka.

Dalaivala anafotokoza pambuyo pake kuti galimoto yopingasa ija sanaione n'komwe. Chimene anaona ndi munthu wovala zachikasu akuthamanga pakati pa msewu manja ali m'mwamba, kenako panalibe munthu. Phazi linapita lokha pa buleki. Minibasi inatsetsereka chammbali, anthu akulira, katundu akugwera pamitu, n'kuima matayala akutsogolo atatsala mapazi anayi kuti alowe m'dzenje lotalika ngati chipinda.

Mzime anali pampando wakutsogolo. Anatsika ndi anthu ena kukaona yemwe wagwa, poti ndi namwino. Anagwada m'mphepete, dzanja limodzi litagwira mimba, nasuzumira. Pansipo, m'madzi ofiira ofika m'chifuwa, munthu anali atakumbatira mlomo wa paipi yosweka, chibenthu cha msewu chitam'panikiza mwendo. Anakweza nkhope.

"Ababa!"

"Bwerera m'mbuyo, mwanawe. Bwerera, pakugumuka."

"Mukutani kuno? Ababa, musagwedeze mwendowo. Musagwedeze! Inu abambo, chingwe! Palibe chingwe m'galimotomo?"

Chingwe chokokera galimoto chinapezeka. Anachiponya, a Tepi anachikulunga m'khwapa, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anachigwira kuti mutu usamire, koma kukoka sakanatha chifukwa mwendo unali pansi pa chibenthu. Madzi ankakwera. Anafika m'mapewa. Mzime anagona chammbali pa phula lonyowa, akuwayankhulitsa kuti asakomoke, akuwafunsa mayina omwe akufuna kudzamutcha mdzukulu, iwo akuyankha zosamveka mano akugundana. Azimayi awiri anamugwira miyendo kuti asatsetserekeremo. Madzi anafika pachibwano.

Gulu la ngozi linafika ndi lole ya tcheni. Silinaime pa kalavati wina aliyense, silinafunse munthu njira. Linabwera molunjika pa 16.140. Anakola chibenthu chija, nachinyamula pang'ono, ndipo a Tepi anatuluka m'dzenjemo ngati chovala chochokera m'beseni, milomo itachita bii.

Mwendo wamanzere madokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Mzime anagonekedwa masiku anayi chifukwa mimba inayamba kupweteka nthawi isanakwane, ndipo masiku anayi amenewo mayi a kunyumba ankayenda pakati pa zipinda ziwiri za chipatala chimodzi, atanyamula mabotolo a madzi, osalira komanso osayankhula zambiri. Mimba itakhazikika ndi pamene anakhala pansi pafupi ndi bedi la amuna awo. Anthu a kuntchito anali atangotuluka, atawatamanda kuti ndi ngwazi yopulumutsa anthu khumi ndi asanu ndi atatu.

"Mwamva, mayi? Akuti ngwazi."

"Ndamva. Kuthamanga kuja munachita bwino, sindikukana. Koma ine musandiuze za ungwazi. Amene anakumba dzenje lija ndi madzi, amene analibisa ndinu. Mwana wanga wadutsa pamenepo kawiri pa tsiku milungu isanu, inu mukundiuza kuti mtima ukhale m'malo."

A Tepi anayang'ana pomwe chofunda chinaphwa, kumapeto kwa bedi.

Mu milungu isanu imeneyo panadutsa malole a simenti, mabasi a ana a sukulu, ma ambulansi, ngolo, anthu mazanamazana amene sankadziwa kuti akuponda chikhokho. Onsewo msewu unawasenza. Unadikira mpaka munthu mmodzi wopanda katundu, yemwe anauona ndi maso ake n'kuulemba pa malo olakwika, atapondapo ndi mapazi ake. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.